Apongozi anga sakudya, koma amuna anga akukana chakudya cha boma

Funso

Apongozi anga aakazi ali ndi zaka 79. Amakhala okha m'fulati, ulendo wa mphindi 40 pagalimoto kuchokera kwathu, kuno ku America kumene akhalako zaka zoposa 30 ndipo ndi nzika. Chimwalirireni abambo chaka chatha, thupi likungotha. Lamlungu lililonse ndimawaphikira chakudya cha mlungu wonse, koma ndikapitanso ndimapeza makontena ali momwe ndinawasiyira. Ukawafunsa amati adya. Mnzanga wa kuntchito wandiuza kuti boma la dera limaperekera okalamba chakudya kunyumba. Amuna anga sakufuna n'kumva komwe. Akuti zimenezo n'za anthu opanda abale, ndiponso akuti aboma akangodziwa kuti amayi sakudya adzawatenga n'kukawasiya kunyumba yosungirako okalamba. Kodi n'zoona? Nanga ndiyambire pati, ndipo amalipiritsa bwanji?

Yankho

Mayi, zikomo polemba. Ntchito yoyendera okalamba m'makomo ndaigwira zaka zambiri ndithu, ndipo makontena osatsegula a m'firiji ndimawadziwa bwino. Mafunso anu ndiyankha onse, koma mundilole ndiyambe ndi limene simunafunse.

Tsiku lomwe muimbire ofesi ya boma, muimbirenso dokotala wa apongozi anu kuti akupatseni tsiku. Munthu wachikulire akaonda asakufuna, n'kutaya magawo 5 pa 100 alionse a kulemera kwake m'miyezi 6 mpaka 12, madokotala saitenga ngati nkhani ya ukalamba chabe. Kwa mayi amene ankalemera makilogalamu 60, amenewo ndi makilogalamu atatu okha. Chisoni cha maliro chimalanda munthu njala, n'zoona, koma si chokhacho. Mano oikirira akayamba kugwedera chifukwa nkhama zaphwa, kutafuna kumawawa, ndiye munthu amangothawira ku tiyi. Mankhwala ena, monga metformin wa shuga ndi digoxin wa mtima, amatha kuchotsa chilakolako cha chakudya, ndipo ena amaumitsa m'kamwa. Palinso chithokomiro, khansa, vuto lomeza, matenda a maganizo, ndiponso kuiwala kumene kumayamba mwakachetechete moti munthu akamati "ndadya" sakunama, akukhulupiriradi kuti wadya. Sonkhanitsani mabotolo onse a mankhwala m'jumbo, ngakhale aja amangogula okha, mupite nawo. Chakudya chobwera pakhomo sichingachiritse dzino lovunda.

Tsopano mantha a bambo a kunyumba kwanu. Si iwo okha. Ndawamva mawu amenewa m'makomo ambiri, kwa anthu a mitundu yosiyanasiyana, ndipo nthawi zambiri wowalankhula amakhala mwana wamwamuna amene akuona ngati kulandira thandizo n'kuvomera kuti walephera. Koma lamulo limene limalipira chakudyachi linalembedwa ndi cholinga chotsutsana ndi chimene iwo akuopa. Dzina lake ndi Older Americans Act. Pulezidenti Lyndon Johnson analisaina pa 14 Julayi 1965, kutatsala milungu iwiri yokha kuti asainenso lamulo la Medicare (inshuwalansi ya boma ya zachipatala ya okalamba) ndi Medicaid (thandizo la boma la zachipatala kwa opeza zochepa), ndipo gawo la chakudya linawonjezedwa mu 1972 mu ulamuliro wa Richard Nixon. Mfundo yake ndi yoti munthu akalambire pakhomo pake kwa nthawi yaitali momwe zingathekere. Ngakhale mutachotsapo chifundo n'kungowerenga ndalama, boma silipindula potengera munthu kunyumba yosungirako okalamba. Kumeneko n'kodula kwambiri poyerekeza ndi mbale ya chakudya chamasana, ndipo gawo lalikulu la bilu yake limagwera Medicaid, kutanthauza boma lomwelo.

Sindikubisirani kuti pali ofesi ina, yosiyana ndi ya chakudya, yotchedwa Adult Protective Services. Iyo imafufuza nkhani za okalamba ozunzidwa, oberedwa ndalama, kapena odzitayirira mpaka moyo kukhala pachiswe, ndipo m'ma state ambiri anthu a ntchito ngati yanga lamulo limatikakamiza kukanena tikaona zotere. Koma ngakhale iwowo sangangonyamula munthu wamkulu amene mutu wake ukuyenda bwino. Ali ndi ufulu wokana thandizo, ndipo kuti munthu alandidwe ufulu wodzisankhira yekha pamafunika khoti. Mayi amene ana ake akumuyendera mlungu uliwonse, n'kumufunira okha thandizo, si amene ofesi imeneyo imamufunafuna. Chimene ndaona chikutengera anthu kunyumba zosungirako okalamba si foni yopempha chakudya. Ndi kugwa. Munthu sadya bwino miyezi ingapo, minofu ya m'miyendo imatha, tsiku lina amaterereka kubafa, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Akachoka kuchipatala, ambiri sabwereranso kunyumba kwawo.

Poyambira ndi apa. Ndalama zimachokera ku Washington kupita ku state, kenako ku ofesi ya dera yotchedwa Area Agency on Aging. Maofesi amenewa anakhazikitsidwa mu 1973 ndipo alipo oposa 600 m'dziko lonse. Kwina ofesiyi ndi nthambi ya county (boma la dera), kwina ndi bungwe loima palokha, kwina imodzi imasamalira ma county angapo. Iyo kawirikawiri siphika. Imalemba ntchito mabungwe a m'deralo kuti aziphika ndi kugawa. Dzina lakuti Meals on Wheels, limene mnzanu wa kuntchito mwina anatchula, si la ofesi imodzi ayi. Ndi mapulogalamu pafupifupi 5,000 a m'madera, aliyense ndi khitchini yake, madalaivala ake ndi malamulo ake ang'onoang'ono. N'chifukwa chake mungamve kuti amayi a mnzanu amalandira chakudya chotentha tsiku lililonse, pamene county yoyandikana nayo imangopereka chozizira kamodzi pamlungu. Mfundo yofunika kwa inu: ofesi yoimbira ndi ya kumene amakhala apongozi anu, osati ya kwanu. Mphindi 40 pagalimoto n'zokwanira kulowa dera lina. Imbani Eldercare Locator pa 1-800-677-1116, muwauze ZIP code (nambala ya positi ya dera) ya apongozi, akupatsani nambala yoyenera. M'madera ambiri nambala ya foni ya 211 imagwiranso ntchito yomweyo.

Mukaimba musangoti "ndikufuna chakudya cha amayi". Nenani kuti mukufuna adzaunikidwe pa zonse zimene akuvutika nazo pakhomo. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Wopempha chakudya amalembedwa pamndandanda wa chakudya basi. Wopempha kuunikidwa amatsegulirwa fayilo, ndipo mu fayilo imeneyo mungatuluke galimoto yowatengera kuchipatala, munthu wodzawathandiza kukonza m'nyumba, zogwirira za kubafa, thandizo la bilu ya magetsi ndi gasi la LIHEAP, ndi mlangizi waulere wa SHIP wowaunikira ngati Medicare yawo ili yowayenera. Si zonse zimapezeka paliponse, koma safunsa anadya phula. Dziwaninso kuti adzafuna kulankhula ndi apongozi anu eni ake. Popanda iwo kuvomera, palibe chimene chidzayende.

Pakuunikapo m'pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa m'pamene mabanja ambiri amadzipweteka okha.

Wobwerayo, kapena woimba foni, adzafunsa mafunso a mitundu iwiri. Ena ndi a zochita za tsiku ndi tsiku: kusamba, kuvala, kudzuka pabedi, kupita kuchimbudzi, kuphika, kukagula zinthu, kumwa mankhwala panthawi yake. Ena ndi a kadyedwe, ndipo maofesi ambiri amagwiritsa ntchito pepala la mafunso 10 lotchedwa DETERMINE. Funso lililonse lili ndi mapointi ake. Kusakhala ndi ndalama zokwanira zogulira chakudya ndi mapointi 4. Kudya kosakwana kawiri patsiku ndi 3. Vuto la mano kapena la m'kamwa ndi 2, kutsika kapena kukwera thupi ndi mapaundi 10 (pafupifupi makilogalamu anayi ndi theka) m'miyezi 6 usakufuna ndi 2, kulephera nthawi zina kugula, kuphika kapena kudzidyetsa ndi 2. Kudya wekha nthawi zambiri ndi 1, kumwa mankhwala a mitundu itatu kapena kuposa patsiku ndi 1. Amene wafika 6 amawerengedwa kuti ali pangozi yaikulu. Taonani kalata yanu: amadya okha, makontena akusonyeza kuti sakudya kawiri patsiku, ndipo ngati kuondako kwafika mapaundi 10, apongozi anu afika kale pa 6 tisanafunse n'za mano zomwe. Koma akayankha okha mwaulemu wawo uja, pepala lomwelo lingatuluke ndi pointi imodzi.

Ndili watsopano pantchito ndinapita kukaunika mayi wina wa zaka za m'ma 80. Ndinawapeza atasamba, atavala diresi yosita bwino, ndolo kumakutu, m'nyumba mukununkhira sopo. Funso lililonse yankho linali limodzi: "Ndimatha, mwanangu." Mwana wawo wamkazi anakhala pambali akungogwedeza mutu, maso pansi. Ine ndinalemba zimene ndinauzidwa, ndipo dzina lawo linapita kumunsi kwa mndandanda. Patapita miyezi iwiri ndinamva kuti agonekedwa m'chipatala atagwa m'khitchini. Mwana uja anadzandiuza kuti diresi ija anawaveka ndi iye m'mawa wa tsikulo, nyumba anakolopa ndi iye, ndipo amayi ake anali atatha milungu akudya mabisiketi ndi tiyi. Ndinamufunsa chifukwa chake sananene. Anati, "Ndikanawatsutsa bwanji amayi pamaso pa mlendo?" Vuto linali langanso, chifukwa sindinayang'ane kupyola diresi. Kuyambira pamenepo, ndikalowa m'nyumba ndimapempha madzi ozizira, n'kutsatira mwininyumba kukhitchini ngati ndikungocheza. Firiji ikatseguka ndimaona zambiri kuposa zimene pepala lingandiuze: mkaka wa mwezi watha, mbale zovundikira zosakhudza, kapena mashelefu opanda kanthu koma botolo la jamu.

Inu vuto limeneli likukukhudzani kawiri, chifukwa awa ndi apongozi. Sindingakuuzeni kuti mukawadule mawu pamaso pa munthu wa boma. Chitani izi m'malo mwake. Imbani nokha tsikulo lisanafike, mufotokoze zimene mumaona, kapena lembani papepala mumupatse wounikayo pakhomo. Lembani zinthu zogwirika: makontena angati mwa angati amatsala, siketi iti yayamba kuvuka, ndi liti pamene munawaona akuyatsa sitovu komaliza. Fotokozani tsiku loipa, osati labwino. Ndipo musakonze m'nyumba m'mawa wa tsikulo, ngakhale manja akuyabwa bwanji. Ngati Chingelezi chimawathawa akatopa kapena akachita manyazi, pemphani womasulira pasadakhale.

Pali mitundu iwiri ya chakudyachi, ndipo apa ndikuuzani maganizo anga osapsatira. Choyamba n'chobweretsa kunyumba, chimene kawirikawiri chimaperekedwa kwa amene kutuluka m'nyumba kumawavuta kapena sangathe kudziphikira. Chachiwiri n'chodyera pamodzi, kumalo a okalamba otchedwa senior center, kuholo ya tchalitchi kapena pansi pa nyumba za okalamba. Aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo akhoza kukadya kumeneko, ndipo mkazi kapena mwamuna wake amaloledwa ngakhale asanafike zaka zimenezo. Inu mwafunsa za chobweretsa kunyumba. Koma werenganinso kalata yanu. M'nyumba ya apongozi anu chakudya chilimo, chophikidwa ndi munthu wowadziwa kukonda kwawo, koma sichikudyedwa. Chimene chinachoka m'nyumbamo chaka chatha si chakudya, ndi munthu wodya naye. Mayi amene kwa zaka makumi angapo ankapakula mbale ziwiri, kupakula imodzi kumamukumbutsa maliro katatu patsiku, ndiye amangoleka. Ofufuza za kadyedwe anaona kalekale kuti anthu amadya zambiri akakhala pagulu kusiyana ndi akakhala okha. Ngati miyendo ikadali yolimba, ine ndikanayamba ndi kodyera pamodzi, kawiri kapena katatu pamlungu, n'kufunsa ngati pali basi yodzawatenga pakhomo. Tsiku loyamba mupite nawo, mudye nawo. Alendo osafika zaka 60 amangolipira mtengo wa mbaleyo. Mwina adzabwerako akunyoza kuti ndiwo zinalibe mchere. Zisakudetseni nkhawa, wonyoza mchere ndiye kuti walawa.

Akakana kutuluka, kapena dokotala akapeza kuti mphamvu zachepa, pemphani chobweretsa kunyumba, koma mufunse kuti chimabwera motani. Chifukwa cha kuchepa kwa ndalama ndi madalaivala, madera ambiri amabweretsa mbale zouma ndi chisanu zisanu kapena zisanu ndi ziwiri kamodzi pamlungu. Kwa munthu amene njala ali nayo koma sangathe kuima pasitovu, zimenezo zimathandiza. Kwa apongozi anu, zingakhale kuwonjezera makontena ena pamwamba pa anu. Mu 2015 ofufuza a ku Brown University anatenga okalamba oposa 600 amene anali pamndandanda wodikira, n'kuwagawa patatu: ena azilandira chotentha tsiku lililonse, ena chozizira kamodzi pamlungu, ena apitirize kudikira. Amene ankalandira tsiku lililonse ndi amene ambiri ananena kuti kusungulumwa kwachepa ndipo akumva kukhala otetezeka m'nyumba zawo. Choncho ngati pali kusankha, limbikirani chotentha cha tsiku ndi tsiku, ndipo munene chifukwa chake momveka: "Chakudya chosunga sadya, tayesa kale chaka chonse."

Ntchitoyi chiyambire idali ya kugogoda pakhomo. Inayamba ku Britain pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene amayi ongodzipereka a Women's Voluntary Service ankadyetsa anthu amene nyumba zawo zinaphulitsidwa ndi mabomba. Mu 1943, m'chigawo cha Hertfordshire, anayamba kuperekera okalamba chakudya m'makomo, ena akukankha miphika m'tingolo ta ana, atafunditsa udzu ndi zipewa zakale kuti isazizire. Ku America inafika mu 1954 mumzinda wa Philadelphia, kumene Margaret Toy anaiyambitsa pa Lighthouse Community Center, ndipo ambiri mwa onyamula mbale anali ana a sukulu za sekondale. Mpaka lero ambiri obweretsa chakudyachi ndi ongodzipereka, ena a iwo okalamba anzawo opuma pantchito. Amaima pakhomo mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Koma m'mapulogalamu ambiri dalaivala saloledwa kungosiya mbale pakhomo n'kumapita. Akagogoda popanda woyankha amadziwitsa ofesi, ofesi imaimbira mwininyumba, ikalephera imaimbira wachibale amene analembedwa, ndipo zikavuta amapempha apolisi kuti akaone. Inu mumafika Lamlungu. Munthu atagwa Lolemba m'mawa, ndani angadziwe lisanafike Lamlungu linalo? Funso limeneli ndi limene mungawafunse amuna anu, modekha, osati pokangana.

Musayembekezere zambiri kuposa zimene mbaleyo ingathe. Lamulo limati mbale iliyonse ikhale ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a zofunika m'thupi patsiku, ndipo mapulogalamu ambiri amapereka mbale imodzi patsiku, masiku asanu pamlungu. Magawo awiri otsalawo, ndi Loweruka ndi Lamlungu, akadali m'manja mwanu. Ndaona okalamba ambiri akugawa mbale imodziyo pawiri, theka masana theka madzulo, ana awo ali phee poganiza kuti nkhani ya chakudya inatha. Munthu wachikulire amafuna zomanga thupi zochuluka kuposa mmene ambiri amaganizira, pafupifupi galamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, pokhapokha ngati ali ndi matenda a impso, pamene dokotala ndiye amanena muyezo. Kwa mayi wa makilogalamu 55, amenewo ndi magalamu 55 mpaka 66, pamene dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha. Ludzunso limachepa ndi ukalamba, moti munthu amatha kuuma m'thupi asakumva ludzu. Ikani jagi ya madzi pamene amakonda kukhala, osati kukhitchini.

Za makontena anu ndinenepo pang'ono, musakhumudwe. Chakudya chophika chimakhala bwino m'firiji masiku atatu kapena anayi. Chophikidwa Lamlungu, pofika Lachisanu si choyeneranso munthu wa zaka 79, amene thupi lake silirimbananso ndi tizilombo ngati kale. Ndiponso kontena yaikulu yodzaza imagwetsa ulesi munthu wopanda njala. Pakulani pang'onopang'ono m'timakontena ta kudya kamodzi, tiwiri kapena titatu m'firiji, totsala mufiriza, mutalemba tsiku ndi zilembo zazikulu. Yesaninso kuona ngati microwave amaitha. Si nthabwala: ndinapezapo bambo wina amene anasiya kudya zotentha kwa miyezi chifukwa ana anamugulira microwave yatsopano ya mabatani osaoneka bwino, ndipo ankachita manyazi kufunsa. Tinamata kapepala kofiira pa batani limodzi, nkhani inathera pomwepo.

Polembetsa, nenani matenda onse. Makhitchini ambiri ali ndi chakudya cha odwala shuga, cha mchere wochepa, ndipo ena ali ndi cha odwala impso kapena chofewetsa cha ovutika kumeza. Ngati apongozi amakhosomola kapena kutsamwa akamadya kapena kumwa, limenelo ndi la dokotala msanga, lisadikire. Kakomedwe kake n'kosiyana ndi ka kunyumba, ndipo munthu amene anazolowera zakudya za kwawo akhoza kuchiona chachilendo. M'mizinda ina muli makhitchini ophika mogwirizana ndi zikhalidwe zosiyanasiyana, choncho funsani. Kumene kulibe, apa m'pamene luso lanu lipeze ntchito yatsopano: m'malo mophika mlungu wonse, phikani kandiwo kamodzi kamene amakakonda, koti aziika pambali pa mbale yobwerayo.

Ndalama. Chakudya cholipiridwa ndi Older Americans Act sichiyang'ana kuti munthu ndi wolemera kapena wosauka. Choyezera ndi zaka, ndi kuvutika kwake ngati n'chobweretsa kunyumba. Adzafunsa za ndalama zimene amalandira, chifukwa lamulo limawauza kuti aziika patsogolo osauka kwambiri, okhala okha opanda wowayang'anira, a kumidzi ndi ovutika Chingelezi, koma yankho lake silingawachotse pa pulogalamu. Adzatchula ndalama imene amapempha kuti munthu aperekeko mwa kufuna kwake, kawirikawiri madola ochepa pa mbale, yoika mu envulopu kapena yotumiza pamwezi, mwachinsinsi. Wosapereka samanidwa chakudya. Samalani chinthu chimodzi chokha: mabungwe ena ali ndi mizere iwiri, wa boma ndi wolipira wekha mtengo wonse, ndipo wachiwiriwu nthawi zambiri ulibe kudikira. Funsani kuti akukulembani mzere uti. Ngati thumba likulola, palibe cholakwika kuyamba ndi wolipira pamene mukudikira winawo.

Medicare wamba salipira chakudya chobweretsa kunyumba. Mapulani ena a Medicare Advantage (Medicare yoyendetsedwa ndi makampani a inshuwalansi) amalipira kwa masiku owerengeka munthu akangotuluka m'chipatala, ndiye onani khadi lawo muimbe nambala ili kumbuyo. Medicaid m'ma state ambiri imalipira chakudya kwa amene akulandira chisamaliro cha pakhomo, koma imeneyo imayang'ana ndalama ndi katundu, ndipo state ikhoza kudzafuna kubwezeredwa kuchokera pa chuma chamasiye cha amene analandira chisamaliro chotere ali ndi zaka 55 kupita m'tsogolo. Mwina mphekesera zimene amuna anu anamva zinachokera kumeneko. Chakudya cha Older Americans Act chilibe zimenezo, palibe adzabwere kudzalonjerera ngongole. Ngati penshoni inatsika abambo atamwalira, zimene zimachitika kawirikawiri chifukwa cheke chimodzi cha Social Security chimaima, funsani za SNAP, thandizo la boma logulira chakudya. Okalamba ambiri oyenera kulandira salembetsa, ndipo ambiri sadziwa kuti kwa munthu wa zaka 60 kupita m'tsogolo, ndalama zimene amawononga pa mankhwala ndi chipatala zopitirira madola 35 pamwezi zimachotsedwa powerengera, zimene zingakweze thandizolo. Palinso bokosi la zakudya la mwezi ndi mwezi la Commodity Supplemental Food Program, koma limenelo n'la zophika wekha, ndiye kwa apongozi anu panopa silithetsa kanthu.

Mndandanda wodikira ulipo m'madera ambiri, ndipo kwina ndi wa miyezi. Akakuikanipo musakhale chete. Chilichonse chikasintha, kaya agwa, kaya atsikanso thupi, kaya agonekedwa, imbani munene, chifukwa malo pamndandanda amatsatira kukula kwa vuto, osati tsiku lolembetsa lokha. Kalata ya dokotala imathandiza. Akagonekedwa m'chipatala, musatuluke musanaonane ndi wokonza za kutuluka kwa odwala, chifukwa pempho lochokera kwa iye limayenda msanga kuposa lanu. Dzifunsireninso nokha: kuyambira mu 2000 lamulo lomweli lili ndi gawo la osamalira achibale okalamba, National Family Caregiver Support Program, lopereka uphungu, maphunziro ndi munthu wogwirizira kuti wosamalira apumeko. Mkamwana amene amaphika Lamlungu lililonse n'kuyendetsa galimoto mphindi 80 kupita ndi kubwera ndi wosamalira, ngakhale iye sadzitcha choncho.

Kwa bambo a kunyumba, ine ndikanapewa mawu akuti thandizo. Amayi awo agwira ntchito ndi kudula msonkho m'dziko lino zaka zoposa 30, ndipo mbale imeneyi ndi imodzi mwa zinthu zimene msonkhowo unkalipirira ena. Pamzere womwewo pali aphunzitsi opuma, asilikali akale, ndi makolo a madokotala amene ana awo amakhala kutali. Ngati chikuwavuta n'chakuti amayi adye chaulere, envulopu ija ilipo: aziikamo iwo ndalama yonse ya mbale mwezi uliwonse, adziwe kuti akudyetsa amayi awo ndi iwo, wina akungonyamula. Ndipo nkhaniyi kwa apongozi ikafike ndi mwana wawo, kapena ndi dokotala, osati inu. Mawu akuti "adokotala anena kuti muyese milungu iwiri" amalowa mosavuta kuposa akuti "taona kuti simukudya". Milungu iwiri yoyesa ndi yosavuta kuvomera, chifukwa munthu amadziwa kuti akhoza kusiya. Ambiri amene ndinawalembetsa moyesa, pofika mlungu wachitatu anali atadziwa dzina la dalaivala ndi la galu wake.

Lamlungu likubwerali tengani sikelo, muwayeze atavala zopepuka, mulembe pakalendala ya kukhitchini, ndipo muzitero tsiku lomwelo mlungu uliwonse kuti dokotala ndi wounika adzaone manambala, osati zongomva. Makontena achepe, koma mupakule mbale zitatu mukhale pansi mudye nawo musananyamuke, muone ndi maso anu kuti amatafuna bwanji, amameza bwanji, ndipo amasiya chiyani. Pafomu yolembetsa padzakhala mzere wa munthu woimbiridwa dalaivala akagogoda popanda woyankha. Pamenepo pafunika nambala ya munthu amene amayankha foni pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 1 koloko masana. Ngati kuntchito kwanu foni imakhala m'loka, lembanipo ya amuna anu.